A Inshulansi Anandiletsa Kukapepesa

Munthu woyamba amene ndinamugunda ndi galimoto, yemwenso ndi womaliza mpaka lero, anali nkhoswe ya ukwati wanga. Ndi amalume a mkazi wanga, mlongo wawo wa apongozi anga aakazi, ndipo kwawo kwa mkazi wanga ku Kaduya munthu wotero ndiye mwini mbumba. Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera ku Phalombe kudzaphunzitsa masamu pa sekondale ina pafupi ndi Migowi ndili ndi chikwama chimodzi ndi kawailesi. Pamene ndinkafunsira, abale ena ankang'ung'udza kuti munthu wa boma sakhalitsa, akangomusamutsa mwana wathu adzatsala ndi ana m'manja. Amalumewo ndi amene anawakhazika chete. Anandipatsa kamunda kumunsi kwa munda wawo, anandiphunzitsa kudya kalongonda, nyemba zija zoopsa zikapanda kupsa bwino, osachita mantha, ndipo tikayambana ndi mkazi wanga ankatiweruza mosakondera mwana wa mlongo wawo. Ndinkawaitana amalume monga mmene amachitira mkazi wanga, iwo n'kumanditchula akamwini.

Galimotoyo inali yaing'ono, ndipo ine ndinali mwini wake wachinayi. Inshulansi ndinkaidziwa ngati kapepala komata pagalasi lakutsogolo, kamene wapolisi wa pamsewu amakayang'ana kenako n'kukuuzani kuti pitani. Chaka chilichonse ndinkagula yotsika mtengo, ija yolipira anthu ena okha amene mwawapweteka, yosakhudza galimoto yanu. Ankandipatsanso mapepala anayi achingerezi a zilembo zing'onozing'ono, amene ndinkawapinda n'kuika m'kabokosi ka kutsogolo pamodzi ndi sipanala. Ine amene ndimakalipira ana tsiku ndi tsiku kuti awerenge funso lonse asanayankhe, sindinawerengepo mzere ngakhale umodzi.

Linali Loweruka m'mawa, nyengo ya nandolo, pamene pa Migowi pamakhala masikelo mbali zonse za msewu ndipo njinga zimabwera motsatizana zitasenza matumba. Ndinkachoka pa golosale ina kulowa mumsewu, pang'onopang'ono ndithu. Tsidya lina kunaima abusa athu. Kudutsa abusa osapereka moni sikungatheke, ndipo kuwakwezera dzanja limodzi ngati mnzako wa kumpira sikulongosoka. Choncho ndinasiya chiwongolero, ndinatembenuza mutu, n'kuomba m'manja kawiri pafupi ndi chifuwa. Abusa anayankha bwino lomwe. Kenako ndinangomva gu!

Nditatuluka ndinapeza nandolo ali mbwee mumsewu, njinga ili kunsi kwa bampala, ndipo munthu amene anagona cham'mbali atagwira ntchafu anali amalume. Anthu anasonkhana nthawi yomweyo. Ena anali atayamba kale kutola miyala, koma atamva kuti wogunda ndi wogundidwa ndi pachibale anagwa mphwayi, anataya miyala ija n'kuyamba kutola nandolo. Amalume anandiyang'ana, thukuta lili kamukamu.

"Akamwini, ndinu?" anatero. "Ndinyamuleni msanga, anthu asationerere."

Ndinawanyamula pa galimoto yomweyo. Njira yonse ndinkangoti pepani, pepani, iwo n'kumafunsa ngati wina wasunga thumba ndi njinga. Kuchipatala anapeza kuti fupa la ntchafu lathyoka. Anawagoneka mu wodi ya abambo, mwendo ataumangirira ku chitsulo cholendewera kumiyendo kwa bedi, ndipo anati akhala choncho milungu isanu ndi umodzi. Ine ndinapita kupolisi, ndinafotokoza zonse mpaka za abusa, anandilipiritsa chindapusa cha kuyendetsa mosasamala, ndipo wapolisi amene ankalemba anandikumbutsa kuti ndiwadziwitse a inshulansi sabata isanathe.

Kuno munthu ukapweteka mnzako, ngakhale mwangozi, pepani wa pamsewu sawerengedwa. Umapita mwadongosolo, pa tsiku lopangana, abale a wopwetekayo alipo, iwe uli ndi mboni yako ndiponso kanthu m'manja. Umakhala pansi, osati pampando, n'kunena ndi pakamwa pako chimene unachita, osasiyako. Zikatero mitima imakhala m'malo, ndipo zotsalazo anthu amathandizana. Ife tinapangana za Lachitatu, tsiku limene abale a ku Jenala ankabwera kudzaona wodwala. Mboni yanga anali achiwiri kwa ahedi a pasukulu pathu. Lamulungu madzulo mkazi wanga anagula shuga, sopo ndi tambala wamkulu woti akaphikidwe kumalo a odikirira odwala, ndipo tambalayo tinamumangirira pakhonde.

Lolemba pa nthawi yopuma ndinaimba foni ku kampani ya inshulansi ku Blantyre. Anayankha mayi wina wa mawu ofatsa, amene ankalemba pa kompyuta uku ndikuyankhula. Anafunsa nambala ya galimoto, malo, nthawi, ndiponso ngati wovulalayo ndikumudziwa.

"Ndi amalume a akazi anga," ndinatero.

"Ooh. Ndiye musamale kwambiri, bambo. Mwayankhula nawo zotani?"

"Ndinapepesa pamsewu. Lachitatu tikupita kukapepesa bwinobwino, pamaso pa abale."

Kompyuta ija inasiya kulira.

"Bambo, musapite. Musavomere kulakwa kwa munthu aliyense, musalonjeze kanthu, musapereke kanthu. Nkhaniyi tsopano ndi yathu. Mukakavomera nokha, kampani ili ndi ufulu wochotsapo manja, ndiye zonse zidzagwera inu. Zili pa tsamba lachitatu la mapepala anu."

"Koma ndinalakwadi, mayi. Ndinkapereka moni kwa abusa."

"Zimenezo mulembe pa fomu. Onena kuti mwalakwa kapena ayi ndife, tikafufuza."

"Nanga tambala?"

"Tambala wanji?"

"Tagula tambala."

"Idyani," anatero mayiyo, ndipo anandifunira tsiku labwino.

Ndinapita kugalimoto, ndinatulutsa mapepala aja atada ndi girisi, n'kutsegula tsamba lachitatu. Zinalipodi. Ndinene zoona, ndinachita mantha. Nyumba yathu pa Migowi inali itangofika m'mawindo, ana awiri anali pasukulu, ndipo m'chipinda cha aphunzitsi simusowa munthu wodziwa mphunzitsi wina wake, wa kwina kwake, amene akhoti anamulanda galimoto, mipando ndi filiji yomwe. Pofika kunyumba manthawo ndinali nditawaveka zovala zabwino. Ndinamuuza mkazi wanga kuti ndikuchita zimenezi pofuna kuthandiza amalume omwewo, chifukwa kampani ingawapatse chipepeso chenicheni, chimene ine mphunzitsi sindingachikwanitse.

Mkazi wanga ankasankha mpunga. Sanadzutse mutu.

"Ndiye ndikawauze kuti chiyani?"

"Mukawauze kuti ndibwera zinthu zikalongosoka."

"Chofunika kulongosoka ndi mwendo," anatero. "Inu mukungofunika kufika."

Ndinaganizapo zongopita kukawazonda osanena za kulakwa. Koma ndimadzidziwa. Ndikanangoona chitsulo chija chikulendewera, pakamwa panga pakanatseguka pokha. Ndipo kufika pa bedi la munthu amene wamuthyola mwendo, abale ake ali pomwepo, iwe n'kumafunsa za mvula ndi mtengo wa nandolo, ndi chipongwe choposa kusabwera. Ndinasankha kusabwera, ndipo ndinadziuza kuti ndi za milungu iwiri yokha. Lachitatu mkazi wanga anapita yekha pa minibasi atanyamula shuga ndi sopo, zimene anati wagula ndi ndalama zake choncho kampani isadandaule. Tambala uja sitinamudye. Mkazi wanga anangomumasula, ndipo anakhala pakhomo chaka chathunthu akulira m'mawa uliwonse pansi pa zenera la mbali yanga.

Fomu inabwera, ya masamba anayi. Masamba awiri anali a galimoto: mtundu, chaka, matayala, mabuleki, nyali. Za munthu wovulala panali mizere iwiri. Panalinso bokosi loti ndijambulemo mmene ngozi inachitikira, ndipo apa ndiye ndinaonetsa luso. Ndinatenga lula ndi kampasi, ndinajambula msewu, golosale, galimoto, njinga, mivi yolozera kumene aliyense ankapita, ndi abusa ataima tsidya lina. Sindinajambulepo chinthu chokongola chotero pa bolodi. Pa funso loti chinayambitsa ngozi n'chiyani ndinalemba kuti moni. Patatha milungu itatu kunabwera bambo wa jekete kuchokera ku Blantyre, anagwada patsogolo pa galimoto, anajambula bampala mbali zinayi, anayeza pamene panaphwanyika, anapemphanso kuona njinga. Nditamufunsa ngati apitenso kuchipatala, anati zimenezo ndi za ofesi ina.

Milungu iwiri ija inakwana isanu ndi umodzi. Mkazi wanga ankapita kuchipatala modumphitsa tsiku limodzi, ndipo galimoto yanga anasiya kukwera. Ndikamufunsa kuti akupeza bwanji, ankati, "Mukawafunse." Ndinkaimba foni ku Blantyre Lolemba lililonse, ndipo Lolemba lililonse ankandiuza kuti fayilo yanga ili pa tebulo la munthu amene watuluka pang'ono. Amalume anatuluka m'chipatala akuyendera ndodo ziwiri, mwendo umodzi utafupikirako, ndipo adokotala anati za njinga aiwale. Munthu amene moyo wake wonse ankapalasa kupita nawo nandolo ndi chinangwa kumsika anakhala wa pakhonde. Chaka chimenecho kamunda kanga ka kumunsi kwa munda wawo sindinakapondemo, ndinangotumako aganyu. Pa maliro ena ku Jenala tonse tinalipo. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni kwa azibambo, kuseri kwa munthu wa chipewa chachikulu, ndipo ndinachoka nyimbo yomaliza isanathe.

Chisamani chinabwera patatha miyezi isanu ndi itatu. Munthu wa njinga yamoto anandipeza ndili m'kalasi la fomu 3, anandisainitsa pakhomo ana onse akuona, n'kumapita. Pamwamba pa pepalalo panali dzina la amalume ngati odandaula. Pansi pake panali dzina langa, kenako la kampani. Ndinakwiya, ndipo ndivomere kuti mkwiyowo unandikomera. Miyezi isanu ndi itatu ndinali wolakwa ndekha, tsopano ndinapeza poponda. Ndinkadziwa mmene zimayendera. Pali anthu amene timawatcha madobadoba, oyendayenda m'mawodi ndi mapepala m'chikwama kufunafuna ogundidwa ndi galimoto kuti awapezere maloya a m'tauni. Ndinaona m'maganizo mwanga amalume akumwetulira, akudinda chala msangamsanga atangomva za chipepeso.

"Mwaona?" ndinatero pofika kunyumba, pepala lili m'mwamba. "Amalume anu anditengera kukhoti."

"Inu munawatengera kuchipatala," anatero mkazi wanga. "Aliyense watengera mnzake kumene akanatha."

Ku Blantyre ulendo uno anayankha bambo. Sanadabwe ngakhale pang'ono. Anati zimenezi ndi za tsiku ndi tsiku, ovulala ambiri amayenda njira yomweyo, ine ndingotumiza pepalalo mwamsanga ndipo ndisayankhe kanthu kwa aliyense. Loya wa kampani ndi amene ayankhe m'dzina langa. Ndinafunsa tsiku loti ndikaonane naye loyayo kuti ndimufotokozere bwino. Anati sikofunika, zonse zili mu fayilo. Ndinakhala ndi loya chaka ndi miyezi, koma mpaka lero sindidziwa ngati anali mwamuna kapena mkazi.

Yankho langa ndinali womaliza kuliona. Loya wa amalume anawatumizira, mdzukulu wawo wa ku koleji anawawerengera m'Chichewa pamaso pa banja lonse, ndipo alamu anga, mchimwene wake wa mkazi wanga, ndi amene anabwera nalo kunyumba kwathu Lamulungu masana. Anakana mpando. Anaika pepalalo patebulo n'kuima pakhomo atapinda manja.

Ndinawerenga. Pepalalo linkanena kuti ine sindikuvomera kuti pa tsikulo ndi pamalopo panachitika ngozi, ndipo odandaula abweretse umboni. Linkati sindikuvomera kuti ndinkayendetsa mosasamala. Linkati sindikuvomera kuti odandaula anavulala. Kenako linapitiriza kuti ngati ngoziyo inachitikadi, ndiye kuti anaiyambitsa ndi odandaula eni ake, chifukwa ankapalasa njinga osayang'ana kutsogolo, anasenza katundu wopitirira muyeso, analephera kugwira mabuleki, ndipo sanasamale za moyo wawo. Zonsezi zinali m'Chingerezi chosalala, ndipo ndime iliyonse inkayamba ndi ine.

"Akuti ndikufunseni chinthu chimodzi chokha," anatero alamu. "Amene anawanyamula kupita nawo kuchipatala tsiku lija anali ndani? Chifukwa iwo nthawi yonseyi amayesa ndinu."

"Alamu, mawu awa si anga. Sindinawaonepo."

"Dzinali ndi la ndani?"

"Ndi langa, koma…"

"Basi, ndikanena choncho," anatero, ndipo anatenga pepala lawo n'kumapita osatsanzika.

M'mawa mwake ndinaimba foni ndili panja pa kalasi, ndipo ana akuti mawu anga ankamveka mpaka kubwalo la mpira. Bambo uja anandilola kuti ndimalize. Kenako anandifotokozera modekha, ngati akuphunzitsa mwana wochedwa kumva, kuti yankho lililonse la mlandu wa ngozi limalembedwa choncho. Amangosintha maina, tsiku ndi malo. Ukavomera zonse pa chiyambi, a mbali inayo amatchula chilichonse chimene afuna, choncho umakana kaye zonse kuti pakhale poyambira kukambirana.

"Palibe amene amakhulupirira zimene zalembedwamo, bambo. Ngakhale loya wa mbali inayo akudziwa."

"Ku Kaduya azikhulupirira."

"Kaduya ndi kuti?"

Ndinamuuza kuti abweze pepalalo. Anati sizingatheke. Ndinati ndiye ndilemba kalata yanga, yonena zoona. Anati ndili ndi ufulu, koma ndikumbukire tsamba lachitatu, ndipo ndikumbukirenso kuti tsopano pali mlandu weniweni kukhoti, ndi maloya a mbali ziwiri ofuna kulipidwa. Madzulo a tsiku limenelo ndinalembadi kalata ya masamba atatu, m'Chichewa, yabwino kwambiri. Ndinaiika mu envelopu, ndinalemba dzina la amalume, ndinaiika m'buku la masamu la fomu 4. Inakhala m'menemo mpaka silabasi inasintha. Palibe dzina lina limene ndingapereke ku zimenezi. Ndinali wamantha, ndipo ndinkadziwa.

Pa tchuthi chotsatira mkazi wanga anatenga ana kupita ku Kaduya, akuti kukathandiza kukolola. Kukolola kunatha, iye osabwera. Banja likagwedezeka munthu umathamangira kwa ankhoswe, koma ankhoswe anga anali odandaula pa mlandu umene ine ndinkakana zoti tinakumanapo pamsewu. Ndinakhala ndekha milungu isanu ndikudya mbatata ndi tiyi. Tsiku lina ndikuweruka ndinapeza zovala zili pachingwe, ana akusewera pabwalo. Patapita masiku angapo mkazi wanga ananena yekha, akutsuka mbale, kuti amene anamubweza ndi amalume. Anamuuza kuti mlandu ndi wa iwo ndi amuna ake, iye apite kunyumba kwake. Ndinatuluka panja n'kukaima pafupi ndi galimoto kwa kanthawi, chifukwa manyazi anandigwira kwambiri.

Kukhoti sitinapiteko. Palibe tsiku limene anandiitana, palibe woweruza amene anandiona. Maloya anakumana okha ku Blantyre, anagwirizana okha, ndipo ine ndinalandira kalata ya mizere isanu ndi umodzi yonena kuti nkhani yatha mwa kumvana, popanda aliyense kuvomera kulakwa, ndipo fayilo yatsekedwa. Anandithokoza chifukwa cha mgwirizano wanga. Panali patatha zaka ziwiri ndi miyezi inayi chichitikireni ngoziyo. Ndinaimbanso foni komaliza, ndipo anayankha munthu wachitatu, amene anayamba wafunsa nambala ya galimoto.

"Tsopano ndingapite?" ndinafunsa.

"Kupita kuti, bambo?"

"Kukapepesa."

"Aa, zimenezo ndi zanu," anatero. "Ife sizikutikhudza."

Tinapita Loweruka m'mawa, ine, mkazi wanga ndi mboni yanga, amene panthawiyi anali atapuma kale pantchito ndipo anati amayesa nkhaniyi inatha kalekale. Galimoto ndinaisiya kumsewu, gawo lotsalalo tinayenda pansi, mbuzi imene tinagula yokapepesera ikutikoka. Uthenga unali utatsogola, choncho abale analipo, apongozi anga, alamu aja, ena a ku Jenala, ndi ana ambiri amene palibe anawaitana. Amalume anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango akuluka lichero, ntchito imene anaiphunzira atasiya njinga. Anali ataonda. Ndodo imodzi inali itatsamira mtengo.

Ndinakhala pansi patsogolo pawo. Mboni yanga inayamba mawu, kenako inandisiyira. Ndinanena zonse. Ndinati ndinasiya chiwongolero kuti ndiombere abusa m'manja, inu munali mbali yanu ndipo simunalakwe kanthu. Ndinati pepala lija linanama, ndipo ngakhale sindinalilembe ndinalisiya kuti liime m'malo mwanga. Ndinati sindinabwere chifukwa ndinaopa kutaya nyumba ndi galimoto, ndipo zoti ndinkachitira inu zinali zongodzinamiza.

Amalume anaika lichero pamiyendo. Anayankhula kaye ndi mlongo wawo m'Chilomwe, mawu ochepa, kenako anatembenukira kwa ine.

"Za mwendo ndinakhululuka pamsewu pomwe paja, akamwini. Ngozi ndi ngozi. Za pepala lija mwana anandifotokozera pambuyo pake kuti ndi mmene amalembera anthu a kumeneko, ngakhale linandipweteka. Koma pali china chimene simukuchidziwa."

Anakonza mwendo wawo ndi manja awiri.

"Dobadoba uja, munthu wa mapepala, anabwera katatu kuchipatala. Ulendo woyamba unali Lolemba, nditangogona masiku awiri. Ndinamuthamangitsa. Ndinati galimotoyo ndi ya mwana wanga, akubwera Lachitatu, za kwathu timakambirana tokha. Ulendo wachiwiri ndinati mwana wanga watanganidwa ndi mayeso a ana asukulu. Anaseka, a pabedi loyandikana nawonso anaseka. Ulendo wachitatu linali tsiku lotuluka. Sanatulutse n'komwe mapepala, anangondifunsa kuti, 'Madala, mwana wanu uja anabwera?'"

Anakonza ndodo imene inatsamira mtengo ija, n'kupitiriza.

"Ndinamufunsa kuti kukhotiko zimakhala bwanji. Anati amaitana onse awiri, wodandaula ndi wodandaulidwa, amakhala moyang'anizana, aliyense n'kunena zake. Ndinati bola kumeneko, popeza kuchipatala walephera, kunyumba mwina alepheranso, kukhoti sangakane, akabwera. Ndikamuona, iyenso akandiyang'ana. Ndi mmene ndinaperekera chala. Ndinasoketsa ndi buluku lomwe, lalitali mwendo umodzi, loti ndikavale tsikulo. Miyezi yonseyi ndimafunsa ana ngati kalata yotiitana yabwera. Mapeto ake anangondiuza kuti zatha, ndikasaine."

Anatenganso lichero lija, anafunafuna pamene anasiyira.

"Basi, mwabwera," anatero. "Apatseni mpando, pansipo pali linthumbu."

Mpando unabwera. Ine ndinakhalabe pansi ndikulira pamaso pa ana onse aja, ndipo amalume anapitiriza kuluka, kundidikira kuti ndimalize.